Kuchotsa pathupi pokhwima motsata lamulo pa zipatala za boma kuno ku Tete: mmene thandizoli likuyendera ndi zifukwa za amene amalitsutsa

Pali thandizo lina limene zipatala za boma kuno ku Mozambique zimapereka, koma sililengezedwa pabwalo la mfumu ndipo silinalembedwe pa chikwangwani chilichonse chimene mayi wakumudzi angathe kuwerenga. Ndikunena za kuchotsa pathupi motsata lamulo, makamaka pamene pathupipo pafika kale miyezi 5 kapena 6 ndipo achipatala apeza kuti mwana ali ndi vuto loti sangakhale nalo moyo, kapena kuti moyo wa mayi uli pachiswe. Thandizoli ndinaliona ndi maso anga pamene ndinaperekeza alamu anga, akazi a mlongo wanga, kuyambira ku chipatala chaching'ono cha kwathu mpaka ku chipatala chachikulu kumene anatitumiza. Sinditchula mayina a zipatalazo kapena a ogwira ntchito. Ndingonena kuti ndi kumtunda kuno, kumene ife a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde timalankhula chinenero chimodzi ndi abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu. Chigamulo changa ndi chakuti thandizoli lilipodi ndipo anthu ena amene amalipereka amagwira ntchito yawo mwaulemu woyamikirika, koma njira yokafikira kwa iwo ndi yochedwetsa kwambiri, kotero kuti chipatala chenichenicho chimathandizira kukulitsa pathupi pamene pambuyo pake anthu amadzudzula kuti pachotsedwa mochedwa.

Lamulo ndilifotokoze poyamba, chifukwa ngakhale aphunzitsi anzanga ambiri salidziwa. Kwa zaka zoposa 100 dziko lino linkayendera malamulo a milandu a Apwitikizi a chaka cha 1886, amene ankati kuchotsa pathupi ndi mlandu. Mu Disembala 2014 Pulezidenti Armando Guebuza anasainira malamulo atsopano, amene anayamba kugwira ntchito pakati pa chaka cha 2015, ndipo pamene malamulowo anakonzedwanso mu 2019 mfundo imeneyi inasungidwa. Mayi angathe kupempha yekha kuti pathupi pachotsedwe m'masabata 12 oyamba. Ngati anagwiriridwa kapena pathupipo ndi pa wachibale, malire ndi masabata 16. Ngati zatsimikizika kuti mwana adzabadwa ndi matenda aakulu osachizika kapena chilema chachikulu, malire ndi masabata 24, ndipo ngati mwanayo sangakhale ndi moyo kunja kwa mimba, kapena ngati palibe njira ina yopulumutsira mayi, lamulo siliika malire a masabata. Zonsezi ziyenera kuchitikira pa chipatala chovomerezeka, mayi atavomera polemba, ndipo mtsikana wosafika zaka 16 amavomerezedwa ndi kholo kapena womuyang'anira. Mu 2017 Unduna wa Zaumoyo unatulutsa ndondomeko yolongosolera achipatala mmene ntchitoyi iyenera kuchitikira.

Chifukwa chimodzi chimene anthu akuno salidziwira lamuloli ndi chakuti makutu athu amakhala ku Malawi. Timamvera wailesi za kumeneko chifukwa zimalankhula Chichewa, ndipo kumeneko malamulo a milandu amalola kuchotsa pathupi pokhapokha pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Tinamva za zionetsero zimene mipingo ya ku Malawi inachita mu Disembala 2016 pokana kusintha lamulolo, tinamvanso kuti mu Malichi 2021 aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe anakana ngakhale kungokambirana za bilu yake. Mayi wa ku Dómuè kapena ku Calómuè akamva zimenezi amaganiza kuti ndi lamulo la kwawonso, ndipo amaopa kufunsa namwino poganiza kuti amuitanira apolisi. Pa zipatala zonse ziwiri sindinaone pepala lililonse la m'Chichewa lofotokoza malire a masabata amenewa. Zimene zinalipo zinali m'Chipwitikizi, zomatidwa m'chipinda chimene munthu amalowamo pokhapokha atadziwa kale chimene wabwerera.

Chipatala chaching'ono chili ndi zabwino zake, ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Sikelo ndi yaulere kupatula tindalama tochepa ta pakhomo, namwino wa amayi ndi ana anayeza magazi, anapereka mapiritsi owonjezera magazi amene tonse timangowatcha sal ferroso, mankhwala oteteza ku malungo ndi neti yogonamo, ndipo zonse anazilemba pa khadi mosamala. Chimene palibe ndi makina ounikira m'mimba, aja a ekografiya. Namwino ali ndi tepi yoyezera mimba, kachipangizo komvetserera mtima wa mwana ndi manja ake basi, ndipo ndi zida zimenezi sangadziwe ngati mutu wa mwana waumbika bwino. Alamu anga anayamba sikelo pa mwezi wachinayi, zimene kwathu zimaoneka ngati kufulumira, pakuti mwambo wathu umati pathupi sipaululidwa pasanaoneke, kuopa anthu a maso oipa. Mtima wa mwana unkamveka, motero aliyense anakhutira. Patapita nthawi m'pamene namwino anaona kuti mimba ikukula mofulumira kuposa masabata ake, ndipo poganiza kuti mwina ndi mapasa kapena madzi achuluka, analemba kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu. Namwinoyo anachita bwino kukayikira, koma sanatiuze kuti nkhaniyi ndi yachangu, ndipo popeza inali nyengo yokolola mbatata ya kachewere, banja linadikira kuti ligulitse kaye matumba angapo kuti lipeze ndalama za ulendo. Ambulansi imanyamula okhawo amene ali pangozi yooneka. Ena onse amadzilipirira njinga yamoto mpaka pa msewu waukulu kenako n'kukwera minibasi imene kuno timaitcha shapa.

Chinanso chimene sichinandisangalatse pa chipatala chaching'onocho ndi kusowa kwa chinsinsi. Chipinda cha namwino chili ndi zenera loyang'ana pa khonde pamene amayi amakhala pamzere, ndipo chilichonse chonenedwa m'katimo chimamveka panja. Kwa mayi wapabanja wongobwera kudzayezedwa zimenezi si vuto lalikulu, koma mtsikana wa sukulu amene akufuna kufunsa za masabata 12 aja sangatsegule pakamwa pamene azakhali ake akhala kuseri kwa zenera. Iye amabwerera kunyumba, amamanga mimba ndi chitenje, ndipo amadzaonekeranso pa chipatala malire atadutsa.

Ku chipatala chachikulu makina a ekografiya analipo, koma wodziwa kuwagwiritsa ntchito anali mmodzi, yemwenso ankaitanidwa ku chipinda cha opaleshoni, motero tinagona ku chidikiro pamodzi ndi amayi oyembekezera kuchira. Atatiunika, anapeza kuti pathupi pali pa masabata 23 ndipo mwana alibe mbali yaikulu ya ubongo ndi chigaza cha pamwamba. Vutoli madokotala amalitcha anencephaly, ndipo limayamba m'mwezi woyamba weniweni, pamene kanjira kamene kamadzakhala ubongo ndi msana kalephera kutsekeka. Mwana wotere amatha kukula m'mimba, mtima n'kumagunda ndithu, koma amabadwa atafa kapena amamwalira patangopita maola kapena masiku ochepa, ndipo palibe chipatala padziko lapansi chimene chingamuchize. Kawirikawiri madzi amachuluka m'chiberekero, zimene zimamuvutitsa mayi popuma ndi kuwonjezera ngozi yotaya magazi ambiri pochira.

Gawo la uphungu ndi limene ndingalipatse ulemu wonse. Dokotala anafotokoza m'Chipwitikizi, koma namwino wachikulire amene anali naye anatitengera m'chipinda china, anatseka chitseko, n'kubwereza zonse m'Chichewa mosathamanga. Anati, "Mayi, palibe chimene munalakwa, ndipo palibe amene anakulodzani. Mukafuna kudikira mpaka miyezi ikwane, tidzakusamalirani. Mukafuna kuti tiyambitse matenda tsopano, lamulo likulola. Pitani mukakambirane ndi bambo akunyumba, koma amene adzasaine ndi inuyo." Sanawakankhire mbali iliyonse, ndipo pamene mlongo wanga anafunsa ngati makinawo sanganame, anamuonetsa chithunzicho n'kumulozera pamene mutu unayenera kuzungulira. Ndaona anamwino ambiri amene amalankhula ndi odwala ngati ana a sukulu, koma mayi ameneyu anadziwa kuti munthu amene wangouzidwa kuti mwana wake sakhala moyo samva zinthu kamodzi, ndipo anabwereranso madzulo kudzafunsa ngati pali chimene sitinamvetse.

Alamu atasankha kuti matenda ayambitsidwe, kuchedwa kunayambiranso. Lamulo limafuna kuti achipatala ena, osati amene adzagwire ntchitoyo, alembe chikalata chotsimikiza vutolo, ndipo mmodzi mwa oyenera kusaina anali atapita ku maphunziro. Wogwira ntchito wina ananena poyera kuti chikhulupiriro chake sichimulola kutengapo mbali, ndipo anatipereka m'manja mwa mnzake tsiku lomwelo. Malamulo amalola wachipatala kukana chifukwa cha chikumbumtima, kupatula pamene moyo wa mayi uli pangozi, ndipo munthu ameneyu ndimamulemekeza chifukwa sanatibisire maganizo ake komanso sanatitayitse nthawi. Amene sindingawalemekeze ndi aja amene amayi ena ku chidikiro anandiuza, amene sanena kuti akukana koma amangoti bwerani mawa, kapena kuti mankhwala atha, kapena kuti mukabwere ndi mwamuna wanu pamene lamulo silifuna zimenezo, mpaka masabata 12 atakhala 14. Ameneyo sakuteteza chikumbumtima chake chokha, akumusankhira mayi mobisa, ndipo akuwonjezera chiwerengero cha mimba zokhwima zimene iye mwini amati zimamunyansa.

Ntchito yeniyeniyo siyenera kufotokozedwa ngati chinthu chopepuka. Pa msinkhu umenewu mayi amapatsidwa mankhwala, makamaka misoprostol, amene amayambitsa zowawa ngati za kuchira kwenikweni, ndipo zimatenga maola ambiri. Anamwino a usiku ankabwera kudzaona kuthamanga kwa magazi pa nthawi yake, ndipo alamu atachira anaonetsetsa kuti nsengwa yatuluka yonse. Koma mankhwala ochepetsa ululu anali ochepa ndiponso anabwera titachita kupempha, ndipo cholakwika chachikulu chinali chakuti anawagoneka m'chipinda chimodzi ndi amayi amene anali kuyamwitsa makanda awo. Ndikudziwa kuti mabedi ndi osakwanira, komabe nsalu yotchinga kapena bedi la pakona sizifuna ndalama za ku Maputo. Palibenso amene anawachenjeza kuti mawere adzatuluka mkaka patapita masiku, ndipo zimenezi zitachitika kunyumba zinawaliritsa kuposa zowawa za ku chipatala. Chimene anachita bwino ndi chakuti anatifunsa ngati tikufuna kutenga thupi, anatipatsa litakulungidwa mwaulemu, ndipo amayi akuluakulu anakaliika monga mwa mwambo wa mtayo, popanda kulira mokweza. Pa thandizo lenilenilo sitinalipire kanthu ndipo palibe anatipempha ya fanta. Ndalama zinathera pa mayendedwe ndi chakudya.

Tisanabwerere n'komwe kumudzi, nkhani inali itafika kale, ndipo m'masabata otsatira ndinamva pafupifupi zifukwa zonse zimene anthu amatsutsira kuchotsa pathupi pokhwima. Anthu ambiri olemba za nkhaniyi amaika otsutsa onse m'dengu limodzi, ena n'kumati onsewo ndi oyera mtima oteteza ana, ena n'kumati onsewo ndi odana ndi amayi. Zimene ndinamva kwathu sizigwirizana ndi mbali iliyonse mwa ziwirizi.

Alipo amene amatsutsa chifukwa cha chikhulupiriro chenicheni. Dera lathu linaumbidwa ndi mishoni, za Akatolika monga ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa komanso za mpingo wa Reformada, ndipo Mpingo wa Katolika umaphunzitsa momveka kuti moyo wa munthu uyenera kutetezedwa kuyambira pamene mayi waima. Mayi wina wa ku mphakati anabwera kudzatipepesa, anatunga madzi, anasinja chimanga, ndipo pochoka anawauza alamu kuti iye akanadikira kuti mwanayo abadwe, abatizidwe, Mulungu amutenge yekha. Sanawatche wakupha, ndipo anabweranso mawa lake. Ndikhulupirira kuti mayi ameneyu akanathandiza chimodzimodzi mayi amene wabereka mwana wolumala, chifukwa ndamuonapo akutero. Komanso ndiyenera kunena kuti mfundo yakuti pathupi pa miyezi 6 sipafanana ndi pa masabata 6 si yongopeka. Mwana amakhala atayamba kusuntha, mayi amamumva, ali ndi manja ndi nkhope, ndipo m'zipatala za mayiko olemera ana ambiri obadwa pa masabata 24 amapulumuka mothandizidwa ndi makina, n'chifukwa chake dziko la Britain mu 1990 linatsitsa malire ake kuchoka pa masabata 28 kufika pa 24. Ine ndemwe sindingagwirizane ndi lamulo lolola kuchotsa pathupi potere popanda chifukwa chachikulu, ndipo lamulo lathu silikulola zimenezo.

Pali dandaulo linanso loyenera kulimvetsera, lochokera kwa anthu olumala ndi makolo awo. Mawu akuti chilema chachikulu angathe kutambasulidwa mpaka kufika pa ana amene akanakhala moyo wabwino ndithu, ndipo m'dziko limene mwana wolumala amabisidwa kale m'nyumba, mantha akuti chipatala chidzayamba kusankha woyenera kubadwa si achabe. Apa m'pamene uphungu ngati umene ife tinalandira uli wofunika, wosiyanitsa vuto lakupha ndi vuto loti munthu angakhale nalo, ndiponso wosamuopseza mayi kuti asaine.

Koma zifukwa zina zimene ndinamva zinalibe mwana m'kati mwake ngakhale pang'ono. Amuna ena sankadandaula za khandalo, ankachenjeza mlongo wanga za kanyera, matenda amene amakhulupirira kuti amagwira mwamuna wogona ndi mkazi amene wapita padera. Achibale ena ankakangana za amene anayenera kufunsidwa, ngati ndi malume a alamu monga eni mbumba, kapena ankhoswe, kapena makolo a mwamuna, ndipo chimene chinawapweteka ndi chakuti pepala linasainidwa ndi mkazi yekha. Mkulu wina ananena mosabisa kuti lamuloli likadziwika, akazi adzayamba kubisa mimba za kuthengo ndipo atsikana adzasiya kuopa. Mawu amenewa ndi oona mtima m'njira yake, chifukwa akuonetsa kuti kwa iye pathupi ndi chilango ndiponso umboni, ndipo chimene akufuna kusunga ndi mantha a mkazi. Njira yosavuta yodziwira cholinga cha munthu ndi kumufunsa za zinthu zimene zimachepetsa mimba zokhwima zochotsedwa: kulera kwa atsikana, kuyamba sikelo msanga, kutengera ku chipatala mwana wogwiriridwa m'malo mokambirana za mbuzi kwa mfumu. Amene akudera nkhawa mwana wa miyezi 6 amavomera zimenezi, ngakhale zina mwa izo monyinyirika. Amene amazikana zonse, kenako n'kudzakwiya kuti mtsikana wafika mochedwa, nkhawa yake ili pena.

M'dziko lino atsikana oposa mmodzi mwa atatu alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 19 anakhalapo ndi pathupi, ndipo ngakhale lamulo la 2019 linaletsa kukwatiwitsa ana osafika zaka 18, kumidzi pathupi pa mtsikana pamathetsedwabe pomulowetsa m'banja. Mtsikana wa zaka 14 amene wagwiriridwa ndi wachibale sadziwa n'komwe kuwerenga masabata, amaopa kunena, ndipo amene ayenera kumusainira nthawi zina ndi yemwe akufuna kuti nkhaniyo ikwiriridwe. Masabata 16 amatha iye asanalankhule. Pa mfundo imeneyi thandizo la chipatala ndi lofooka, chifukwa malo othandizira achinyamata pa zaumoyo otchedwa SAAJ amapezeka pa zipatala zina zokha, ndipo pamene alipo amatsegulidwa nthawi imene ana ali m'kalasi.

Mtundu wina wa kutsutsa umabwera pa foni. Mnyamata wina wa kwaya anationetsa kanema wa pa WhatsApp wa zithunzi zoopsa, womasuliridwa kuchokera ku America, wonena kuti amayi akuchotsa ana a miyezi 9 mwakufuna kwawo. Nkhani ya ku America ili ndi mbiri yake, ndipo ndi bwino kuidziwa tisanaitenge ngati yathu. Ziwerengero za boma la kumeneko zimaonetsa kuti pa mimba 100 zilizonse zochotsedwa, zoposa 90 zimachotsedwa m'masabata 13 oyamba, ndipo pafupifupi imodzi yokha ndi imene imachotsedwa pa masabata 21 kapena kuposerapo. Komabe mkangano wa ndale kwa zaka zambiri unakhazikika pa imodziyo. Mu 2003 anakhazikitsa lamulo loletsa njira ina yochotsera pathupi pokhwima, ndipo khoti lalikulu linalivomereza mu 2007. Mu 2009 dokotala George Tiller, amene ankathandiza amayi a mimba zotere ku Wichita m'chigawo cha Kansas, anawomberedwa n'kufa ali m'tchalitchi chake. Mu Juni 2022 khoti lalikululo linafafaniza chigamulo cha Roe v. Wade cha 1973, chimene chinkapatsa amayi ufulu wochotsa pathupi, ndipo zigawo zingapo zinaletsa kuchotsa pathupi pafupifupi pa msinkhu uliwonse, osati pokhwima pokha. Zimenezi zikundionetsa kuti kwa magulu ena a ndale, pathupi pokhwima panali khomo lolowera, losankhidwa chifukwa zithunzi zake zimagwira mtima ndipo zimabweretsa mavoti ndi zopereka. Zotsatira zake zimafika mpaka kuno kudzera m'ndondomeko ya Mexico City, imene Pulezidenti wa America Ronald Reagan anayambitsa mu 1984 ndipo inabwezeretsedwanso mu Januwale 2025, yomana ndalama za America mabungwe a kunja amene amapereka kapena kulimbikitsa thandizoli.

Mnyamatayo ananenanso kuti lamulo lathu ndi la azungu. Koma pangano la mayiko a mu Africa lokhudza ufulu wa amayi linavomerezedwa mu 2003 mumzinda wathu womwe wa Maputo, ndipo ndime 14 ya panganolo imauza mayiko kuti alole kuchotsa pathupi ngati mayi wagwiriridwa, ngati pathupi ndi pa wachibale, kapena ngati thanzi la mayi kapena moyo wa mayi ndi wa mwana uli pangozi. Lamulo limene tinalandira kwa azungu ndi lija la 1886. Ochirikiza thandizoli nawonso ali ndi cholakwa chawo, pakuti ena amabwera ndi magalimoto a mabungwe n'kumalankhula za ufulu ngati kuti palibe chimene chatayika, ndipo chilankhulo chotere chimathamangitsa anthu ngati mayi wa ku mphakati uja, amene akanatha kukhala woyamba kuperekeza mnzake ku sikelo pa mwezi wachiwiri.

Chipinda chimene otsutsa ndi ochirikiza onse anayenera kuchiona ndi cha amayi obwera atayesa kale okha. Ndinaona mtsikana amene anabwera ndi malungo aakulu ndi fungo la mafinya atalowetsedwa kamtengo ka chinangwa, ndipo ndinamva za ena omwa zitsamba, sopo wa ufa kapena mapiritsi ogula pamsika osadziwa mlingo wake. Pathupi pakakula, njira zimenezi zimaboola chiberekero kapena kutayitsa magazi mpaka imfa. Apa achipatala ndiwayamikire, chifukwa anamulandira mtsikanayo popanda kumuitanira apolisi, anamutsuka m'mimba ndi kumupatsa mankhwala, ngakhale wosesa wina anamunyoza mokweza mpaka namwino anachita kumuletsa. Bedi limene mtsikanayo anagonera masiku ambiri, magazi amene anamuika ndi mankhwala amene anathera pa iye zinadya ndalama za boma zambiri kuposa mapiritsi amene akanapatsidwa pa masabata 8 akanakhala ndi pofunsira mwachinsinsi.

Kwa mayi kapena banja limene lingakumane ndi zotere, ndinganene kuti pitani ku chipatala cha boma osati kwina, chifukwa ngakhale pali zofooka zimene ndatchulazi, kumeneko kuli magazi, kuli opaleshoni, ndipo lamulo lili kumbali yanu. Yambani sikelo mukangodumpha mwezi, ngakhale musanauze apongozi. Pemphani namwino kuti alembe masabata pa khadi ndi kukuuzani pakamwa, ndipo pemphani kalata yokaunikidwa ndi ekografiya pathupi pali pakati pa masabata 18 ndi 22, pakuti ndi nthawi imene zilema zambiri zimaoneka ndipo malire a masabata 24 amakhala asanafike. Akakupatsani kalata yokutumizani kwina, funsani ngati ndi yachangu. Wina akakuuzani kuti bwerani mawa kawiri konse popanda chifukwa, funsani kuonana ndi mkulu wa chipatala.

Potuluka, alamu anapatsidwa mwayi wosankha njira yolera ndipo anauzidwa tsiku lobwerera kudzaonedwa, zimene zinali zoyenera. Chimene palibe anatchula, ndipo tinachimva pambuyo pake kwa dokotala wina, ndi chakuti mayi amene anakhalapo ndi mwana wa vuto limeneli ali pa chiopsezo chokulirapo choti zingachitikenso, ndiponso kuti vitamini wotchedwa folic acid amachepetsa kwambiri chiopsezocho ngati mayi ayamba kumwa asanaime, pa mlingo waukulu kuposa umene uli m'mapiritsi a sal ferroso. Popeza kanjira ka ubongo kamatsekeka m'masabata 4 oyamba, mapiritsi olandira pa sikelo ya mwezi wachinayi amakhala atachedwa pa ntchito imeneyi. Uphungu umenewu unayenera kulembedwa pa khadi lotulukira, ndipo mapiritsiwo anayenera kupezeka pa chipatala chaching'ono, koma mlongo wanga anachita kukawagula ku famasi ya mumzinda wa Tete.